Mudzi Umene Unasamukira ku Mwezi

Ufumu wa Zilipanjira musavutike kuufuna pa mapu. Mapu ake anatumizidwa kosindikiza kalekale, ndipo mukafunsa ku likulu adzakuuzani mwaulemu kuti ali panjira. Ndi dziko la anthu ofatsa, akatswiri pa kudikira. Mfumu yake, Penyakumwamba Wachitatu, inabadwa ndi vuto limodzi lokha: khosi lake linkakana kuwerama. Asing'anga a kunyumba yachifumu analipaka mafuta a mitundumitundu, analithowa ndi madzi otentha, mpaka anadzagwirizana kuti si matenda ayi, ndi masomphenya. Choncho mfumuyo inkadziwa nyenyezi zambiri ndi mayina, koma inali isanaonepo zala za kumapazi kwake, ngakhalenso maenje a m'misewu imene galimoto yake inkadutsamo.

Chaka chimene ndikunenachi, mfumu inamva pa wailesi kuti maiko ena akufunafuna madzi ku mwezi. Nkhaniyi inaikhumudwitsa kwambiri, osati chifukwa cha madziwo, koma chifukwa palibe amene anaiitana. Inasonkhanitsa nduna zonse n'kuzifunsa kuti Zilipanjira adzakhala womvera za anzake mpaka liti.

Woyamba kuimirira anali a Kathyali, amene nthawi imeneyo anali Nduna Yoona za Zikondwerero ndi Mahema. Anati funso limeneli anali ataonda nalo kwa zaka zambiri, ngakhale mabatani a jekete lawo ankachitira umboni wina. Anati mtundu umene umangoyang'ana pansi umatola zimene anzake ataya. Anati ana a sukulu akadzaona chombo chathu chikuboola mitambo adzayamba kukonda masamu, ndipo poti ambiri amaphunzirira pansi pa mtengo, adzachiona bwino kuposa ana a maiko olemera amene madenga amawatchinga. Kunena zoona, a Kathyali ankadziwa kuyankhula. Ukawamvetsera nthawi yaitali unkayamba kuchita manyazi ndi ludzu lako lomwe.

Nduna ya Zamadzi, a Tidikirebe, bambo wachikulire wa mawu otsika, anayesa kukumbutsa bwalo kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Anati midzi yambirimbiri ikudikira mijigo. A Kathyali anayankha kuti n'chifukwa chake akuyenera kupita ku mwezi: madzi a pansi pano aliyense akudandaula nawo, pamene a ku mwezi palibe ndi mmodzi yemwe amene anawadandaulapo. Mfumu inawomba m'manja. Nduna zonse zinawomba, ndi a Tidikirebe omwe, poti anali ndi ana ku sukulu. Tsiku lomwelo kunabadwa Unduna wa Zakumwamba ndi Zina Zosafikirika, ndipo a Kathyali anapinda mahema awo n'kulowa mu ofesi yatsopano.

Lamulo loyamba la unduna watsopanowu linati, popeza madzi a ku mwezi ali pansi pa miyala, chofunika choyambirira ndi choboolera. Ufumu wonse unali ndi chigalimoto chimodzi chokha choboola mijigo, chimene anthu anachipatsa dzina loti Mfuko. Kuyambira tsiku limenelo Mfuko anachotsedwa ku Zamadzi n'kuperekedwa ku Zakumwamba. Za momwe chigalimoto cha matayala khumi chidzakwerere kumwamba, anakhazikitsa komiti yoti iganizire.

Lamulolo linalengezedwa Lachiwiri. Lachinayi la sabata yomweyo Mfuko ankayembekezeka ku mudzi wa Chatsalira.

Mjigo wa ku Chatsalira unagumukira m'kati zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo amayi ankayenda ulendo wa maola atatu kukatunga ku dambo, kumene ankayamba adikira ng'ombe zimalize kumwa. Komiti ya mjigo sinathe ngakhale mjigo unatha. Wapampando wake anali Mayi Nachisale, mayi wamfupi wosakonda kukweza mawu, ndipo mlembi anali mng'ono wawo Elube, amene ankalemba makalata opita ku likulu ndi zilembo zokongola ngati za pa satifiketi. Nthawi yoyamba imene a boma anatchula tsiku loti Mfuko abwera, Elube anagula ndowa yatsopano n'kuipachika kudenga. Anati ndowa imeneyo sidzalawa madzi a ku dambo. Tsikulo linasinthidwa katatu. Dzinja lapitalo kolera anachokera ku dambo komweko n'kutenga Elube m'masiku awiri, ndipo ndowa ija inatsala kudenga. Mayi Nachisale sankainena, koma aliyense m'mudzimo ankadziwa kuti sadzapuma mpaka ndowayo itadzaza madzi a pa mjigo.

Lachinayi lija anthu anasesa pamalo, anaphika thobwa, anakhala m'mbali mwa njira mpaka dzuwa kupendeka, koma Mfuko sanabwere. Chifukwa chake anakachimva Loweruka ku msika wa Manong'onong'o, kumene nkhani za boma zimafika msanga kuposa makalata ake.

Msika unali utagawikana. Mayi wina wogulitsa tomato ankafunsa ngati ku mweziko kulinso mzere, kuti akalembetseretu. Wokhoma zidebe anali kumbali ya boma, poti anali atauzidwa kuti chombocho chidzafuna malata ambiri. Wometa anthu pansi pa mtengo wa mkuyu, a Chimtengo, anati iwo alibe nazo vuto: akakawapeza madziwo azidzangowathira pansi kuchokera kumwambako, monga ankachitira kale munthu wina asanatope nafe. Pamenepo bambo wina amene anali atangotsika basi yochokera ku likulu anati nkhani yatsopano ndi yakuti opita ku mwezi akufuna malo oyeserera. Malowo ayenera kukhala ouma, a maenje okhaokha, opanda mitengo, opanda msewu. A Kathyali ndi gulu la anthu makumi anayi anali kukonzekera ulendo wa kunja kuti akaone ngati malo otere angapezeke.

A Chimtengo anaimitsa lumo n'kufunsa ngati anthu amenewa sanafikepo ku Chatsalira. Msika wonse unaseka. Mayi Nachisale okha sanaseke. Anangofunsa bambo wa pa basi uja kuti Khomo la Mphatso limatsekulidwa masiku ati.

Apa ndiyenera kufotokoza, poti si onse anafikako ku likulu. Nyumba yachifumu ya Zilipanjira ili ndi makomo awiri a anthu wamba. Khomo la Madandaulo lili kuseri, pafupi ndi dzala. Dandaulo likalowa pamenepo limadutsa m'manja mwa alembi asanu ndi awiri, aliyense n'kuchotsamo mawu amodzi owawa, moti pofika kwa mfumu limakhala litasanduka uthenga wothokoza. Khomo la Mphatso lili kutsogolo, ndi lalikulu loti ng'ombe ya nyanga zake n'kulowa osapendeka, ndipo wobwera ndi mphatso amapita yekha mpaka pamaso pa mfumu. Mwambo umati mphatso sikanidwa, ndiponso mbale imene yabwera ndi kanthu sibwerera yopanda kanthu. Mayi Nachisale anali atapita ku khomo la kuseri kakhumi ndi kamodzi, ndipo mfumu inali italandira zithokozo khumi ndi chimodzi zochokera ku Chatsalira. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku limenelo mayiwa anazindikira kuti zaka zonsezi ankatsekula cholakwika.

Lolemba anafika pa khomo la kutsogolo atasenza mbale yovindikira ndi kansalu koyera. Alonda anawalowetsa. Anagwada pamaso pa mfumu n'kuvundukula mbale ija. Munali fumbi lotuwa ndi timiyala titatu.

"Mfumu ya mafumu," anatero, "ife a ku Chatsalira tilibe ng'ombe yoti tikupatseni. Koma tamva kuti mukufuna malo onga mwezi. Mwezi tili nawo. Takhala tikukusungirani zaka zisanu ndi ziwiri."

Poti mfumu sinkatha kuyang'ana pansi, atumiki anakweza mbaleyo pamwamba pa nkhope yake n'kuipendeketsa kuti ione. Fumbi linatsikira m'mphuno ndipo mfumu inayetsemula katatu. Itapukuta misozi inati sinanunkhizepo dothi louma chotero, ndipo inafunsa chifukwa chake nduna zake zinkaibisira chuma choterechi. A Kathyali, amene masutikesi awo anali atalongedzedwa kale, anamwetulira ndi mano okha. Anati iwonso ankaganiza za Chatsalira yemweyo, kungoti ankafuna kukaona kaye kunja kuti ayerekeze.

Akatswiri oyendera malo asanafike, mudzi unakonzeka. Ukaipa dziwa nyimbo. Mbuzi ndi nkhuku anazitumiza kwa achibale a midzi ina, ndipo bambo wina amene ankathirira kamtengo ka papaya ndi madzi otsukira mbale anapemphedwa kuti akavindikire ndi dengu. Kupatula zimenezo, panalibe zambiri zobisa.

Akatswiriwo anabwera ndi chithunzi cha mwezi chodula pa kalendala. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana mudzi, anayang'ananso chithunzi. Chimene chinawasangalatsa kwambiri ndi maenje akuluakulu amene anazungulira mudzi wonse. Maenjewo anali okumba anthu. Boma linkabwera nthawi ndi nthawi n'kunena kuti umbani njerwa, ife tibweretsa simenti ndi malata. Anthu ankaumba, simenti inkakhala panjira, mvula inkasungunula njerwa, maenje n'kutsala. Katswiri wina atayeza dzenje lalikulu ndi chingwe anafunsa ngati alipo amene akukumbukira nthawi imene nyenyezi yake inagwa. Bambo wa papaya uja anayankha kuti imeneyo inagwa chaka cha chipatala, iyo pafupi ndi njira inagwa chaka cha sukulu, ndipo ziwiri za kumusi zinagwera limodzi chaka cha chisankho cha makhansala. Katswiriyo analemba zonse m'buku lake.

Chatsalira anakhoza mayeso bwino lomwe. Cholakwika chinali chimodzi, ndipo a Kathyali anachinena mokondwa: ku mwezi kulibe anthu, choncho mudzi wonse usamuke.

Mayi Nachisale anagwada pafumbi n'kunena kuti iwo ndi osaphunzira, za kumwamba sazidziwa. Anangofuna kufunsa chimodzi. Kodi a Mfumu anafikapo pamalo popanda amayi owavinira? Nanga tsiku limene adzatsike pa mwezi weniweni n'kupeza zii, popanda nthungululu, adzafunsa ndani? A Kathyali, amene anakulira m'zikondwerero, anaona okha kuopsa kwa nkhaniyi. Anthu a ku Chatsalira analoledwa kukhala, ndipo analembedwa m'kaundula ngati nzika zoyeserera za ku mwezi.

Lamulo linatuluka loti kuyambira Lolemba mudzi wa Chatsalira wachotsedwa pa dziko lapansi. Tambala asalire. Utsi usaoneke alendo akakhalapo. Nzika zonse ziziyenda modumpha pang'onopang'ono, manja ali tambasu, monga amayendera kumeneko. Nkhalamba zinadandaula ndi mawondo, koma zinaleka zitaona zimene zinatsatira. Chigalimoto chopala misewu chinafika koyamba chiyambire, poti Mfuko sakanatha kudutsa m'zigwembe. Kunabwera hema wa chipatala ndi namwino, kuti aone mmene matupi a nzika za ku mwezi amagwirira ntchito popanda madzi. Ana anakwera sikelo ndipo analandira katemera, kuopa kuti angapatsire alendo matenda a kumwamba. Mayi wina amene anachira mwana wake woyamba m'ngolo anayang'ana hemayo nthawi yaitali, kenaka anadumphadumpha kupita kwawo.

Mfuko anafika atapakidwa utoto wa siliva. Woyendetsa wake anali a Gelesomu, bambo wa imvi amene anaboola mijigo kwa zaka makumi atatu, koma tsopano anali ndi udindo wa Mtsogoleri wa Opita ku Mwezi. Anawaveka ovolosi ya lona yoyera ndi chisoti cha njinga yamoto, ndipo ankatuluka thukuta ngati munthu wa malungo. Mayi Nachisale anawapatsa chikho cha thobwa kuseri kwa chigalimotocho. A Gelesomu anavula chisoti, anamwa theka, kenaka anaulula zimene zinkawalemera. Sikudzabooledwa chilichonse. Mano a Mfuko ankasungidwira mwezi weniweni. Anyamata a unduna adzakwirira thanki ya madzi pansi n'kulumikiza paipi, Mfuko adzangobangula, madzi adzatumphuka, ojambula adzajambula, basi.

"Mayi, pansi pano madzi alipo," anatero a Gelesomu. "Ndikuwamva m'mawondomu. Koma andiuza kuti ndingoliza injini."

Mayi Nachisale mtima unawawawa kwambiri. Anali atasandutsa mudzi wawo choseketsa cha dziko lonse, anadumphitsa nkhalamba, ndipo malipiro ake akanakhala thanki yokwirira. Anafika kunyumba n'kukhala pansi pa ndowa ija osakoleza moto. Ankafuna kupita kwa a Kathyali kukawatukwana mpaka mawu kutha. Koma kutukwana ndi dandaulo, ndipo iwo ankadziwa kumene madandaulo amathera.

M'mawa mwake anapita ku hema wa a Kathyali ngati mtsogoleri wa amayi ovina, kukafunsa za dongosolo la nyimbo. Mu Zilipanjira muli mwambo wakuti mfumu ikamatsekulira madzi, madziwo asaleke kutuluka mpaka itamaliza kuyankhula. Nduna ya Zamadzi imene inalipo a Tidikirebe asanalowe inaphunzira zimenezi mpopi wake utauma pa ola lachiwiri, ndipo mpaka lero ikuweta abakha achifumu kumalire a dziko. Mfumu sinayankhulepo nthawi yochepera maola asanu. Alembi ankanong'ona kuti mawu a tsiku la mwezi anadzaza katoni.

"Tingofuna kudziwa, bwana," anatero Mayi Nachisale maso ali pansi, "kuti thankiyo idzatha nthawi yanji, kuti ife tidzakweze nyimbo pomwepo. Paja a Mfumu pansi saona, koma makutu awo ndi akuthwa. Mwina tikadzaimba mwamphamvu sadzamva kuti madzi aleka."

A Kathyali anaika pansi kapu ya tiyi. Anaitana akatswiri, ndipo akatswiri atawerengera anati thankiyo singapitirire mphindi makumi anayi. Anafunsa za mathanki khumi, akatswiri anati kukumba maenje ake kudzatenga sabata zitatu. Anafunsa za magalimoto onyamula madzi, akatswiri anakumbutsa kuti kudzakhala akazembe a maiko ena, ndipo ku mwezi sikuyenda magalimoto otere. A Kathyali anaganiza za abakha. Dzuwa lisanafike pamutu analengeza kuti, pofuna kuti kuyeserera kufanane ndi zenizeni, unduna wawo waganiza mwa nzeru zake zokha kuti Mfuko aboole ndithu.

A Gelesomu sanadikire kuti anenenso kachiwiri. Anaponya chisoti pansi, anamanga manja a ovolosi m'chiuno, n'kuyamba ntchito. Tsiku lachitatu chakumasana matope anatumphuka, kenaka madzi. Ntchito imene inadikiridwa zaka zisanu ndi ziwiri inatenga masiku awiri ndi theka. Anthu anaiwala kudumpha, anangothamanga ngati anthu a pansi pano, ndipo a Kathyali anachita kuwakumbutsa malamulo.

Tsiku lalikulu linafika. Mfumu inatsika m'galimoto nkhope ili kumwamba monga mwa nthawi zonse, amayi akuivinira modumpha pang'onopang'ono. A Gelesomu, atavalanso chisoti, anagwira chogwirira cha mjigo, madzi n'kuyamba kutuluka. Mfumu inayamba ndi mbiri ya agogo ake, inadutsa pa nyenyezi imodziimodzi, ndipo pofika ola lachinayi inali itangoyamba kumene kuyandikira mwezi. A Gelesomu atatopa amayi ankalandizana pa mjigo, ndipo palibe amene anadandaula. Madzi anayenda m'ngalande mpaka kudzaza dzenje la chaka cha chipatala. Kazembe wina anakomoka ndi dzuwa n'kutsitsimutsidwa ndi madzi omwewo.

Chakumapeto mfumu inanena mawu amene manyuzipepala onse anawaika patsamba loyamba. Inati ngati Zilipanjira wapeza madzi pamalo ouma chonchi, pamalo oti munthu wanzeru zake sangakhalepo ngakhale tsiku limodzi, ku mwezi weniweni kungamukanike bwanji? Inati izi zaonetsa dziko lonse kuti boma likafuna chinthu, chimatheka m'masiku atatu. Nthungululu za pamenepo zinali zochokera pansi pa mtima, chifukwa aka kanali koyamba kuti anthu a ku Chatsalira agwirizane ndi mfumu yawo pa mawu alionse.

Kenaka a Kathyali anaimirira kuti apereke zolengeza. Anathokoza onse. Anati poti kuyeserera kwatha bwino, mawa mutu wa mjigo udzazulidwa n'kupita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku likulu, kuti mibadwo idzauone. Dzenje lidzatsekedwa ndi simenti, ndipo pamwamba pake padzaikidwa mwala wa chikumbutso. Hema wa chipatala adzapindidwa. Mudzi wa Chatsalira ukubwezedwa mwaulemu ku dziko lapansi, m'manja mwa a Tidikirebe, amene adzaulemba pamzere wa midzi yodikira mijigo. Poti Chatsalira anali atachoka pa dziko kwa kanthawi, malo ake akale anatengedwa, choncho adzayambira kumapeto.

Mayi amene anali pa mjigo anasiya kupopa, ndipo madzi ankangodontha.

Mayi Nachisale anatuluka pakati pa amayi ovina atanyamula mbale ija, ya fumbi ija, tsopano ili yotsuka ndi yopanda kanthu. Sanadumphe. Anagwada n'kuipereka kwa atumiki, ndipo atumiki, amene mwambo ankaudziwa, anaikweza pamwamba pa nkhope ya mfumu. Mfumu inaizindikira. Inati ndi zoona, mbale sibwerera yopanda kanthu, ndipo inafunsa chimene mayi wa mwezi angakonde: nsalu ya nkhope yachifumu, njinga, kapena mendulo. A Kathyali anali atayamba kale kukodola wosunga nsalu.

"Mfumu ya mafumu, tili ndi pempho limodzi lokha," anatero Mayi Nachisale. "Musatibwezere pansi. Pansi tinakhalako, tikukudziwa. Tisiyeni ku mwezi konkuno, tizikusungirani malo."

Mfumu inalira, ndipo chifukwa cha khosi lija misozi inatsikira m'makutu. Inati m'zaka zonse za ufumu wake sinaonepo anthu okonda masomphenya ake chotere, oti akhoza kusiya dziko lawo lobadwira chifukwa cha sayansi. Inalamula pomwepo kuti Chatsalira akhale mwezi mpaka muyaya, pansi pa Unduna wa Zakumwamba. Mjigo usachotsedwe, ndipo usadzaume tsiku ndi limodzi lomwe, chifukwa mfumu ikhoza kubwera nthawi iliyonse kudzapitiriza mawu ake, poti theka la katoni linali lisanawerengedwe. A Kathyali anawomba m'manja ndi onse. Amene anali pafupi akuti anawamva akufunsa a Gelesomu kuti mjigo umafuna kuunikidwa kangati pa chaka.

Loweruka lotsatira ku Manong'onong'o kunalibe nkhani ina. Bambo wa pa basi uja anati pa Khomo la Mphatso mzere wafika kumsewu, aliyense ndi mbale yake ya fumbi. Mudzi wina unadzipereka kukhala nthanda. Anamwino a chipinda chochiriramo amayi cha ku boma, chimene chakhala chopanda magetsi zaka zitatu, anapempha kuti chilembedwe ngati mbali ya mdima ya mwezi. A Tidikirebe nawonso akuti analemba kalata yofunsa ngati unduna wawo wonse sungasamutsidwire kumwamba. Mayi wa tomato anafunsa a Chimtengo ngati sakuona kuti chuma cha dziko chikupita m'madzi. A Chimtengo anati iwo poyamba ankakayika, koma tsopano akuti boma lisabwerere m'mbuyo, chifukwa nyenyezi zilipo zambiri kuposa midzi, ndipo tikadekha aliyense adzapeza yake. Za chombo chenichenicho, wokhoma zidebe anati akudikirabe malata. Ali panjira.

Mayi Nachisale sanapite ku msika tsiku limenelo. Anadikira mpaka alendo onse atachoka ndi mipando yawo, mbuzi zitabwerera, papaya atamuchotsa dengu. Atatero anakwera pa mtondo n'kutsitsa ndowa ija kudenga. Mavu anali atamangamo nyumba, ndipo kapepala ka m'sitolo kanali kadakali pansi pake. Anaipukuta ndi nsonga ya chitenje n'kupita nayo ku mjigo. Panali mzere wautali wa zidebe, koma amayi ataona ndowayo anapatuka okha, ndipo mmodzi anagwira chogwirira n'kuwapopera. Madzi ake anali oyera moti ndowa itadzaza pansi pake pankaonekabe.

Anaisenza mpaka kunyumba osataya ngakhale dontho. Anaitula pakhonde, pamalo pamene Elube ankakhala akamalemba makalata aja, ndipo anakhala pambali pake mpaka madzi atasiya kugwedezeka.

"Elube, mng'ono wanga, madzi aja abwera," anatero. "Ukanangopirira dzinja limodzi lokha, tikanasamukira limodzi."